Akuluakulu osunga mwambo akasiyana maganizo pa ukwati wa anthu a zipembedzo ziwiri

Nkhoswe wa ku Dedza

Akuluakulu ndi abale onse a pagulu lino, ndabwera ndi nkhani yofunika kuti tithandizane nzeru. Maukwati a anthu osiyana chipembedzo kapena mtundu akuchuluka pakati pathu: Mchewa wa CCAP ndi Myao wa Chisilamu, Mkatolika ndi wa Seventh Day, Mlomwe wa chikamwini ndi Mtumbuka wa malowolo. Kuti achinyamata ndi akuluakulu amatsutsana pa nkhaniyi sizindidabwitsa, pakuti zimenezo n'zachikhalire. Chondidabwitsa n'chakuti akuluakulu okhaokha, anthu amene onse amadana ndi kupasuka kwa mabanja ndipo onse amalemekeza makolo ndi chipembedzo, ndiwo amene sakumvana. Pa chinkhoswe china chimene ndinaimira kuchikazi, amalume awiri a mtsikana, onse akulu a mpingo, anagawikana pakati. Woyamba anati sangalandire tambala wochokera kwa mnyamata wa kumzikiti, chifukwa kutero n'kuvomereza kuti adzukulu adzatayike. Wachiwiri anati kukana chinkhoswe ndiko kumutaya mwanayo, chifukwa awiriwo adzakhalabe limodzi popanda ankhoswe, ndipo pakadzabuka vuto padzasowa wowakhazika pansi. Ndikufunsa kuti mwa awiriwa, amene akusunga mwambo ndi uti?

Mkulu wa mpingo, Lilongwe

Zikomo bambo nkhoswe pobweretsa nkhaniyi poyera. Ine ndili kumbali ya amalume oyambawo, ndipo ndipemphe kuti maganizo angawa asatengedwe ngati chidani pa abale athu Achisilamu, amene timakhala nawo mwamtendere m'midzi ndi m'misika. Mtumwi Paulo pa 2 Akorinto 6:14 amaletsa wokhulupirira kumangidwa m'goli limodzi ndi wosakhulupirira, ndipo pa 1 Akorinto 7:39 amalola mkazi wamasiye kukwatiwa ndi amene wamufuna, malinga zikhale mwa Ambuye. Chifukwa chake chinalembedwa momveka pa Deuteronomo 7:3-4, pamene akuti ukwati wotere udzapatutsa ana kuti asatsatenso Mulungu wa makolo awo. Nehemiya atabwerera ku Yerusalemu anapeza ana a mabanja osakanikirana akulankhula Chiasidodi, osatha kulankhula Chiyuda, ndipo anazindikira kuti chikhulupiriro chikhoza kufa m'mbadwo umodzi wokha popanda munthu wochizunza. Makolo athu a Chipresibiteriya anaika mfundo imeneyi m'mutu 24 wa Chivomerezo cha Westminster, chimene mpingo wa ku Scotland unalandira mu 1647. Tsiku la ukwati limatha ndi perekaniperekani dzuwa lisanalowe, koma mwana amene adzabadwe adzafunika munthu womuphunzitsa kupemphera, ndipo Lamulungu m'mawa adzayenera kudziwa kumene akupita.

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Akulu a mpingo, mfundo zanu ndazimva ndipo sindikuzichepetsa. Koma funso la bambo nkhoswe ndi lakale kwambiri, moti linagawanitsa ngakhale anthu amene anayala maziko a maganizo osunga mwambo ku Ulaya.

Munthu amene ambiri amamutcha tate wa maganizo amenewa ndi Edmund Burke, amene anabadwira ku Dublin mu 1729 ndipo mu 1790 analemba buku lodzudzula kuukira boma kumene kunachitika ku France. Burke mwini wakeyo anali mwana wa ukwati wosakanikirana. Bambo ake, amene anali loya, anali a mpingo wa Church of Ireland, pamene mayi ake, Mary Nagle, anali Mkatolika wa ku Cork. Nthawi imeneyo malamulo a ku Ireland ankapondereza Akatolika kwambiri, komabe anthu wamba anali atapeza njira yawo yokhalirana, yoti ana aamuna azitsata mpingo wa bambo ndipo ana aakazi azitsata mpingo wa mayi. N'chifukwa chake Edmund anakula ali wa mpingo wa bambo ake pamene mlongo wake Juliana anakula ali Mkatolika. Mu 1757 iyenso anakwatira Jane Nugent, mwana wa dokotala wa Chikatolika. M'nyumba ya malamulo ankateteza Akatolika, mpaka adani ake ankamujambula atavala ngati wansembe, ndipo kuteteza Akatolikako kunali chimodzi mwa zifukwa zimene anatayira mpando wake wa ku Bristol mu 1780.

Kwa Burke, nzeru za mtundu wa anthu zimasungika m'zizolowezi zimene mabanja ndi midzi yazipeza pang'onopang'ono pofuna kukhalirana, ndipo munthu amene akufuna kuziphwanya, ngakhale ali ndi mfundo yooneka yolondola papepala, ayenera kuopa zimene zingatsatire. Koma panali woganiza wina wa nthawi yomweyo, Joseph de Maistre wa ku Savoy, amene anamwalira mu 1821. Nayenso ankadana ndi kuukira kwa ku France, koma yankho lake linali lakuti anthu abwerere pansi pa ulamuliro umodzi wosatsutsika, wa mfumu ndi wa Papa, chifukwa kwa iye chowonadi sichigawidwa pakati kuti aliyense atengeko mbali yake.

Ndikaona amalume awiri aja, ndikuona mitsinje iwiri yomweyi. Woyamba akuteteza chiphunzitso kuti chifike kwa adzukulu chili chathunthu. Wachiwiri akuteteza ubale ndi udindo wa ankhoswe, zimenenso tinalandira kwa makolo. Onse awiri akusunga chinthu chenicheni. Ine mtima wanga uli kwa wachiwiriyo, chifukwa chiphunzitso chimafika kwa mwana kudzera mwa agogo ndi amalume amene akali kulowa m'nyumbamo, ndipo amene wakana chinkhoswe wadzitsekera yekha khomo limenelo.

Namwino wa ku Dublin

Aphunzitsi, ndiloleni ndiwonjezere zimene zinadzachitikira chizolowezi mwatchulacho, pakuti kuno ku Ireland nkhaniyi akuluakulu akuikumbukirabe. Mu 1908 linayamba kugwira ntchito lamulo la Mpingo wa Katolika lotchedwa Ne Temere, limene linati ukwati wa Mkatolika ndi wovomerezeka pokhapokha utachitikira pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri. Popeza wansembe sakanadalitsa ukwati wosakanikirana popanda lonjezo lakuti ana onse adzakhala Akatolika, chizolowezi chogawana ana chija chinatha. Mu 1950 khoti lalikulu la dziko lino, pa mlandu wa banja la Tilson, linagamula kuti lonjezo lotere likhoza kukakamizidwa ndi lamulo la boma.

Kenako mu 1957 kunachitika zomvetsa chisoni m'mudzi wa Fethard-on-Sea m'chigawo cha Wexford. Mayi wina wa Church of Ireland, Sheila Cloney, amene mwamuna wake anali Mkatolika, anakana kuti wansembe ndiye asankhe sukulu ya mwana wawo wamkazi, ndipo anathawa ndi ana ake awiri mpaka ku Scotland. Akatolika a m'deralo, molimbikitsidwa ndi ansembe awo, ananyanyala masitolo ndi ntchito za anthu onse Achiprotestanti a m'mudzimo, anthu amene sanalakwe kanthu. Bishopu Michael Browne wa ku Galway anaikira kumbuyo kunyanyalako, koma Éamon de Valera, mtsogoleri wa boma amene anali Mkatolika wolimba ndiponso wosunga mwambo ngati bishopuyo, anakudzudzula m'nyumba ya malamulo. Banjalo linadzabwererana, ndipo ana aja anaphunzirira panyumba osapita ku sukulu ya mpingo uliwonse. Bishopu wa dayosizi ya Ferns anapepesa poyera mu 1998, patapita zaka zoposa 40. Chimene ine ndimatolapo n'chakuti anthu akunja akalowerera ndi mphamvu pa nkhani ya ana, mbali zonse ziwiri zimaluza, chifukwa ana aja sanalowe sukulu ya Katolika imene inkamenyeredwayo.

Katekisiti wa ku Balaka

Achemwali a ku Dublin mwafotokoza zoona, ndipo palibe Mkatolika woganiza bwino amene angateteze kunyanyala kuja. Koma ndipemphe kuti anthu adziwe mmene lamulo lilili lero, chifukwa ambiri m'midzi muno akuganizabe zakale. Mu 1970 Papa Paulo wa Chisanu ndi Chimodzi anasintha lamuloli m'kalata yotchedwa Matrimonia Mixta, ndipo kusinthako kunalowa m'buku la malamulo a Mpingo la 1983. Tsopano amene amalonjeza ndi Mkatolika yekhayo. Amalonjeza kuti adzasunga chikhulupiriro chake ndiponso kuti adzachita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu Mpingo. Mnzakeyo salonjeza kanthu pa nkhani ya ana, koma ayenera kuuzidwa momveka za lonjezoli ukwati usanachitike. Palinso kusiyana pakati pa maukwati awiri. Ngati mnzakeyo ndi Mkhristu wobatizidwa wa mpingo wina, pamafunika chilolezo cha bishopu. Ngati ndi wosabatizidwa, monga Msilamu, pali chotchinga chenicheni chimene bishopu ayenera kuchichotsa, apo ayi ukwatiwo ndi wosavomerezeka pamaso pa Mpingo.

Ngakhale pakati pa ife Akatolika alipo amene amati kusintha kwa 1970 kunali kufooka, chifukwa mawu akuti “zonse zimene angathe” munthu akhoza kuwatanthauzira mmene wafunira. Ine sindivomereza. Lonjezo limene munthu amasainira pofuna kungoti ukwati uchitike, mtima wake usakufuna, silinaleretso mwana aliyense m'chikhulupiriro.

Mayi wa ku Mangochi

Abambo ndi amayi, ine ndine Msilamu, Myao, ndipo ndikufuna kukumbutsa kuti zimene mukuzifunafuna ku Ireland zili pakhomo pathu pano. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo kuno ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Balaka n'kovuta kupeza fuko lopanda Mkhristu ndi Msilamu m'kati mwake. Timapita ku maliro a wina ndi mnzake, ndipo pa ukwati wa Mkhristu amaitana Msilamu kuti adzazinge mbuzi pofuna kuti abale onse adye nawo. Palibe shehe kapena m'busa amene anakhala pansi n'kulamula zimenezi. Anthu anazipeza okha.

Koma pali mfundo imene simunaitchule. Ife Ayao, monga Achewa ndi Alomwe, ana timawawerengera kuchikazi. Mwamuna amabwera kudzamanga nyumba kwa mkazi, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wake wa mkaziyo. Makolo athu analandira Chisilamu zaka zoposa 100 zapitazo koma sanataye dongosolo limeneli. Tsono mnyamata wa Chisilamu akakwatira mtsikana wa Chikhristu, chipembedzo chimati ana atsate bambo, pamene mwambo umati ana ndi a kuchikazi ndipo amalume awo ali ndi mawu. Wosunga chipembedzo ndi wosunga mwambo wa Chiyao apa amakokerana mbali ziwiri, ndipo nthawi zina onsewo amakhala munthu mmodzi yemweyo.

Mwalimu wa ku Machinga

Mayi athu mwanena zoona, ndipo ndifotokoze mbali ya Sharia kuti abale athu Achikhristu aone kuti nafenso akatswiri athu sanagwirizane chimodzi. Qur'an pa Surah Al-Ma'idah ndime 5 imalola mwamuna wa Chisilamu kukwatira mkazi wodzisunga wa mwa anthu a Buku, ndiko kuti Mkhristu kapena Myuda, ndipo mkaziyo sakakamizidwa kusiya chipembedzo chake. Amapatsidwa mahari ake, mphatso ya ukwati yochokera kwa mwamuna, monga mkazi wina aliyense. Komabe Khalifa Umar ibn al-Khattab, mtsogoleri wa Asilamu pa nthawiyo, analembera Hudhayfa ibn al-Yaman, amene anali atakwatira mkazi wa Chiyuda, kuti amusiye. Sananene kuti ukwatiwo ndi haramu, koma ankaopa zotsatira zake pakati pa Asilamu ena akamatengera chitsanzocho. Mwana wa Umar, Abdullah ibn Umar, anapitirira pamenepo n'kumaletsa ukwati ndi mkazi wa Chikhristu. Pomwepo Khalifa Uthman anakwatira Na'ila, wochokera m'banja la Chikhristu. Onsewa anali maswahaba, ndiko kuti anzake a Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, ndipo palibe amene anganene kuti wina mwa iwo ankapeputsa chipembedzo.

Pa mkazi wa Chisilamu kukwatiwa ndi mwamuna wosakhala Msilamu, masukulu onse anayi a malamulo a Chisunni amaletsa, potengera Surah Al-Baqarah ndime 221 ndi Surah Al-Mumtahanah ndime 10. Ine ndili pamenepo. Koma ndinene chilungamo kuti ngakhale apa mawu osiyana anamveka kuchokera kwa munthu amene palibe akanamuganizira. Hassan al-Turabi wa ku Sudan, amene anathera moyo wake kumenyera kuti dziko lake lilamulidwe ndi Sharia, ananena mu 2006 kuti mkazi wa Chisilamu akhoza kukwatiwa ndi Mkhristu kapena Myuda, ndipo akatswiri ambiri anamudzudzula koopsa. Mu 2017 boma la Tunisia linachotsa chiletso cha 1973 chimene chinkaletsa akazi a Chisilamu kukwatiwa ndi amuna a zipembedzo zina, ndipo akuluakulu a Al-Azhar, sukulu yaikulu ya Chisilamu ku Cairo, anatsutsa maganizo amenewo.

Mkulu wa mpingo, Lilongwe

Mwalimu, ndikuona kuti pa mfundo yaikulu inu ndi ine tili pafupi kuposa mmene ndilili ndi aphunzitsi a ku Zomba. Tonse awiri tikukhulupirira kuti chipembedzo ndi chowonadi chimene munthu adzayankhe nacho pamaso pa Mulungu, ndipo mantha a Khalifa Umar ndi omwenso anali ndi Nehemiya. Aphunzitsi, njira ya ku Ireland yogawana ana imandipweteka mtima. Ngati ndikukhulupirira kuti chipulumutso chili mwa Khristu, ndingavomereze bwanji kuti ana anga aamuna achimve koma aakazi asachimve? Ndipo wina asanatchule Rute Mmowabu, tikumbukire kuti iye anayamba wanena kuti Mulungu wa apongozi ake adzakhala Mulungu wake, ukwati ndi Boazi n'kubwera pambuyo.

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Akulu a mpingo, funso lanu la ana aamuna ndi aakazi ndi lolemera, ndipo sindikunena kuti njira ya ku Ireland ija ndi yoti titengere. Ndikungosonyeza kuti inasunga mabanja ndi midzi pamodzi, ndipo itachotsedwa zotsatira zake tazimva kwa achemwali a ku Dublin. Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 7:12-14 amauza wokhulupirira kuti asasiye mnzake wosakhulupirira amene akuvomera kukhala naye, ndipo ana a banja lotere amawatcha oyera. Ndikudziwa kuti mudzati ndimeyi ikunena za anthu amene anatembenuka ali kale pabanja, ndipo ndi zoona, koma ikusonyezabe kuti Paulo sankaona nyumba yotere ngati yotayika.

Ndibweretse chitsanzo cha kuno ku Africa, chifukwa chikuonetsa magulu angapo a anthu osunga mwambo akulimbana pa ukwati umodzi. Mu Seputembala 1948, Seretse Khama, amene anali woti adzalowe ufumu wa Bangwato ku Bechuanaland, dziko limene lero ndi Botswana, anakwatira Ruth Williams, mzungu wa ku London. Onse awiri anali Akhristu, koma bishopu wa ku London sanalole kuti ukwatiwo uchitikire m'tchalitchi, choncho anakalembetsa ku ofesi ya boma. Tshekedi Khama, bambo ake aang'ono amene ankasunga mpando, anakana ukwatiwo chifukwa pa mwambo wawo mkazi wa mfumu ndi mayi wa wolowa ufumu ndipo sasankhidwa popanda mtundu kuvomereza. Nkhaniyo inapita ku kgotla, bwalo la mtundu wonse ku Serowe, limenenso ndi mwambo wa makolo. Pa misonkhano yoyamba anthu ambiri anali ndi Tshekedi, koma mu Juni 1949 bwalo linavomereza Seretse pamodzi ndi mkazi wake. Mwambo unali utadziweruza wokha mwa njira yake.

Amene anasokoneza anali akunja. Chaka chomwecho boma la South Africa linakhazikitsa lamulo loletsa ukwati wa azungu ndi anthu a mitundu ina, ndipo linapanikiza Britain kuti isalole banja lotere kulamulira pafupi ndi malire ake. Boma la Britain, lotsogozedwa ndi Clement Attlee, linaletsa Seretse kukhala kwawo kwa zaka zisanu mu 1950. Winston Churchill anadzudzula zimenezi ali kotsutsa, koma boma lake la Conservative litalowa linalamula mu 1952 kuti chiletsocho chikhale chamuyaya. Seretse analoledwa kubwerera mu 1956 atasiya ufumu, anayanjananso ndi Tshekedi, ndipo mu 1966 anakhala pulezidenti woyamba wa Botswana. Mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa unkachirikiza lamulo loletsa maukwati lija, limene linachotsedwa mu 1985, ndipo mu 1986 sinodi yake inavomereza kuti Baibulo sililetsa ukwati wa anthu osiyana khungu. Chaka chomwecho cha 1986 mpingo wa Church of Scotland unalengeza kuti sukutsatanso mawu a m'mutu 24 wa Westminster oletsa ukwati ndi Akatolika. Zimene m'badwo wina unkazitcha zosasinthika, m'badwo wotsatira wa mpingo womwewo unaziunikanso.

Mkulu wa mpingo, Lilongwe

Aphunzitsi, apa ndiye ndikukanitsitsa, ndipo ndikukana mwaulemu. Khungu ndi chikhulupiriro ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuziika m'dengu limodzi kumachititsa kuti aliyense wochenjeza za ukwati wa zipembedzo ziwiri aoneke ngati wa tsankho. Baibulo silinaletsepo ukwati chifukwa cha khungu. Pa Numeri 12, Miriamu ndi Aroni atanyoza Mose chifukwa cha mkazi wake wa Chikusi, amene analangidwa ndi Miriamu. Ndikudziwa kuti amishonale amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889 anachokera ku mpingo wa Dutch Reformed womwewo, ndipo kulakwa kwa mpingo umenewo pa nkhani ya mitundu sindikubisa. Mwana wanga atabweretsa Mtumbuka, Msena kapena mzungu wokhulupirira, ndikhoza kukambirana za malowolo ndi chitengwa mpaka titamvana, chifukwa zimenezo ndi zokambirana. Munthu sasankha khungu lake, koma amasankha amene amamugwadira. Za 1986 ku Scotland, pa Akatolika ndikuvomereza, pakuti ndi obatizidwa m'dzina la Utatu Woyera monga ife. Koma kwa ine ukwati ndi munthu wa chipembedzo china ndi nkhani ina.

Wophunzira zamalamulo, Zomba

Makolo anga, ndiloleni mwana ndiikepo mawu ochepa a mbali ya boma. Lamulo la maukwati, kusudzulana ndi ubale wa m'banja la 2015 limavomereza ukwati wa ku boma, wa mwambo, wa chipembedzo, ndiponso wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja, ndipo limati maukwati onsewa ali ndi mphamvu yofanana pamaso pa lamulo. Gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa mwamuna ndi mkazi aliyense ufulu wokwatira ndi kumanga banja, ndiponso limaletsa kukakamiza munthu kulowa m'banja. Choncho amalume, m'busa kapena shehe akakana, ukwati sulephereka ngati awiriwo akwanitsa zaka 18. Chimene chimalephereka ndi kupezekapo kwa akuluakuluwo. Komanso banja likatha, khoti poweruza za ana limayang'ana ubwino wa mwanayo, osati lonjezo limene wina anachita kutchalitchi kapena kumzikiti.

Mayi wa ku Mangochi

Mwanangu wanena mfundo yofunika. Popeza ukwati uchitikabe, ine ndimaona kuti ntchito ya ankhoswe pa banja lotere ndi yaikulu kuposa pa banja lina lililonse, ndipo ambiri amaithawa. Amakambirana za holo, za zovala ndi za amene adzayambe kulankhula, koma mafunso olasa mtima amawasiya poopa kuwononga chisangalalo. Mwana wamwamuna akadzakula adzapita ku jando kapena ayi? Dzina lake adzapatsidwa ndi ndani? M'nyumbamo mudzalowa nyama ya nkhumba kapena mowa? Mwezi wa Ramadani mkazi wosasala adzaphikira bwanji mwamuna wake, ndipo pa Khirisimasi mwamunayo adzalola ana kupita ndi mayi awo?

Koma funso limene ndaona likuphwanya ubale koposa onse ndi la maliro. Ife timasambitsa thupi, kulikulunga m'nsanda, kuliswalira ndi kuliika msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Abale athu Achikhristu amadikira achibale ochokera kutali, amagona pa siwa akuimba nyimbo, amagula bokosi ndi kuika nkhata. Mwana wa banja losakanikirana akamwalira pasanakhale mgwirizano, mabanja awiri amakanganirana thupi misozi ili m'maso, ndipo mawu olankhulidwa tsiku limenelo saiwalika. Akulu a mpingo, ine sindikukupemphani kuti musinthe chikhulupiriro chanu. Ndikupempha kuti ngakhale mwakana kudalitsa ukwatiwo, musakane kukhala pa mphasa pamene mafunso awa akufunsidwa, chifukwa mukachokapo palibe amene adzalankhulire mbali yanu.

Mkulu wa mpingo, Lilongwe

Mayi, pempho lanu ndalimva. Kudalitsa ukwati wotere m'tchalitchi sindingavomereze, ndipo mwanayo ndikhoza kumuchenjeza mpaka tsiku lomaliza. Koma kukhala pa zokambirana za maliro ndi za ana ndi nkhani ina, ndipo pamenepo ndikhoza kukhalapo popanda chikumbumtima changa kunditsutsa, malinga onse adziwe kuti kukhalapo kwanga sikutanthauza kuti ndavomereza.

Katekisiti wa ku Balaka

Pa mndandanda wa mayi athu ndiwonjezerepo mitala, chifukwa kwa ife imakhudza maziko enieni a ukwati. Mpingo sungachotse chotchinga chija ngati mmodzi mwa awiriwo akukana kuti ukwati ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi mpaka imfa. Mu 2004 ofesi ya ku Vatican yoona za anthu osamukira m'mayiko ena inatulutsa malangizo opempha kuti mkazi wa Chikatolika wofuna kukwatiwa ndi Msilamu akonzekeretsedwe mosamala kwambiri. Mwalimu, ndifunse mwachindunji kuti tidziwe chowauza atsikana athu: mnyamata akalonjeza pamaso pa ankhoswe kuti sadzakwatira mkazi wachiwiri, lonjezo limenelo lili ndi mphamvu yanji m'Chisilamu?

Mwalimu wa ku Machinga

Bambo katekisiti, funso lanu ndi loyenera ndipo ndiyankha mosabisa, chifukwa mtsikana amene akulowa m'banja ayenera kudziwa pamene waima. Apanso akatswiri anasiyana. Otsatira Imam Ahmad ibn Hanbal amati mkazi akhoza kuika m'pangano la nikah, ndiko kuti ukwati wa Chisilamu, mfundo yakuti mwamuna asadzakwatire wina, ndipo mwamunayo akaiphwanya mkaziyo ali ndi ufulu wothetsa ukwati. Iwo amatsamira pa hadith, ndiko kuti mawu a Mtumiki, yonena kuti malonjezo oyenera kusungidwa koposa onse ndi amene ukwati unamangidwirapo. Koma otsatira Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a kuno timatsata, amati ukwatiwo ndi wovomerezeka koma mfundo yotereyo siimanga mwamuna, chifukwa munthu sangaletse ndi pangano chinthu chimene Sharia yaloleza. Choncho shehe wina adzakuuzani kuti lonjezolo ndi lamphamvu, wina adzati ndi mawu aulemu chabe, ndipo onse awiri adzakhala akunena zimene anaphunzira.

Malangizo anga kwa ankhoswe a kuchikazi ndi akuti asakhutire ndi mawu apakamwa. Afunse shehe amene adzamange nikah kuti iye amatsata maganizo ati pa mfundoyi, ndipo afunse mnyamatayo pamaso pa amalume ake, osati ali yekha. Zimene agwirizana zilembedwe ndipo mbali iliyonse isunge pepala lake. Ngati mtsikanayo sangalole mitala mwa njira ina iliyonse, auzidwe kuti pansi pa lamulo la 2015 ukwati wolembetsedwa ku boma ndiwo umene suloleza mwamuna kukwatira wina ukwati woyambawo ukadalipo, ndipo mnyamatayo anene pamaso pa onse ngati ali wokonzeka kulembetsa ukwati wotero.